Pitsa Inaulula Mkazi Mnzanga wa ku Joni

Anzanga omvera, ndine mayi wa ku Makhanga m'boma la Nsanje. Izi zinandichitikira nthawi ija tinkalowa pamsika ndi khadi la chipani.

Amuna anga atabwerako ku Joni, kumene ankagwira ntchito, pakamwa pawo panali pitsa yokhayokha. Ankati ndi buledi wopyapyala wothira tomato, nyama ndi tchizi, ndipo ukangoimba foni, amakubweretsera pakhomo pa njinga yamoto, adakali wotentha.

Pofuna kuwasangalatsa, ndinakwera bwato kukagula fulawa. Ndinaphika pachiwaya, pamwamba n'kuikapo tomato ndi mlamba wowamba. Iwo analuma kamodzi, n'kuseka.

"Mwayesetsa, mayi. Koma amake mwana ankaitanitsa ya bowa."

"Amake mwana uti, bambo?" ndinafunsa, popeza ife tinali tisanaone mphatso ya mwana.

Apo anavomera kuti ku Joni kuja anasiyako mkazi ndi mwana wamwamuna.

Mtima wanga unawira. Ine ndinkalimbana ndi madzi osefukira ndekha, mnzanga akudya zomubweretsera pakhomo! Banja lilipobe mpaka lero, koma akangoyang'ana kumwera, kumene kuli Joni, ndimadziwa kuti akukumbuka amake mwana aja.