Mayi Honora Tuohy ndi Bwalo la Ndende Yakale

Malemu mayi athu, a Honora Tuohy, anabadwa pa 9 Febuluwale 1901 m'kanyumba ka pachipata cha ndende ya boma lathu lino, kumene bambo awo, a Malachy Gilsenan, ankalondera akaidi. Anabadwa awiri, iwo ndi mlongo wawo a Fintan. Sukulu anaphunzira kwa masisitere mpaka 1915.

Mu 1921, nkhondo yomenyera ufulu wa Ireland ili mkati, khoti lakale linapsa, milandu n'kuyamba kuzengedwa m'chipinda chopemphereramo akaidi. Mu Januwale 1923, pa nkhondo yapachiweniweni, a Fintan anagwidwa ndi kuomberedwa m'bwalo la ndendeyo. Anaikidwa mommo popanda mtanda. Chaka chotsatira matupi a anzawo anafukulidwa n'kuperekedwa kwa abale, koma la a Fintan silinapezeke.

Mu 1929 malemu anakwatiwa ndi a Cornelius Tuohy, osamalira khoti latsopano lomwe linatsegulidwa chaka chomwecho. Bambo athuwo atamwalira mu 1948, ntchitoyo inatsala m'manja mwa malemu. Ndende inatsekedwa mu 1956, denga linagwa, makoma anang'aluka, koma Lamulungu lililonse pochokera ku Misa iwo ankalowa m'bwalomo kukazula udzu. Ine Declan, mwana wawo woyamba, ndikawaletsa ankandiyankha kuti, "Khomali linandiona ndili khanda, lindigwere lero? Tandipatsa fosholoyo, iwe."

Mu Malichi chaka chino khonsolo inagamula kuti ndendeyo igwetsedwe, pakhale poimika magalimoto. Kuyambira pamenepo malemu anasowa mtendere, ngakhale chakudya sichinkalowa. Anayenda m'maofesi kupempha kuti bwalolo likumbidwe kaye kufunafuna mafupa a Fintan phula lisanathiridwe, ndipo anauzidwa kuti adikire yankho. Pa 2 Okutobala, ataona mathirakitala akuima pachipata, anagwa pamasitepe a khoti, nafa ziwalo mbali imodzi. Kuchipatala, aliyense akalowa, kaya ndi dokotala, ankamufunsa kuti, "Ayamba kodi?" Anatisiya pa 14 Okutobala 1971.

Abale ndi alongo, yankho lija mpaka lero silinabwere, ndipo tamva kuti ntchito iyamba Lolemba. Ife a pabanja tikaima pachipata paja m'mawa wa tsiku limenelo. Ngati akatimvera, sitikudziwa. Amene mungathe, chonde mubwere.

Malemu asiya ana atatu, ine, a Nuala ndi a Oonagh, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza Bambo Mfumu Keaveney, anamwino amene anawasamalira, amayi amene mwatiphikira masiku onsewa, ndi achibale amene akumba manda. Tinawapempha kuti asiye malo a munthu mmodzi pambali pake, ndipo asiyadi.

Mayi, mwadikira mokwanira. Zotsalazi tisiyireni ife. Mzimu wanu uuse mumtendere.