Mchere Umene Unathamangitsa Nangozo

Moni abusa, moni akulu a mpingo, amayi ndi abambo. A kuno ku Mzuzu, m'chinenero chanu, monire mose. Yewo.

Ndikufuna kuchitira umboni, koma amayi a kwaya musayambe kuseka, sindinafike poseketsa.

Mukukumbukira chaka chatha mmene ndinatupira. Miyendo ngati mitondo, nsapato zinandikana. Kuchoka ku Mzilawaingwe kufika pamsika ndinkapuma kanayi. Anyamata ofunsa makadi a chipani pachipata ankangoti, "Dutsani agogo, mungatifere pano."

Ndiye ndinali ndi mnzanga. Mnzanga, abale! Tinabwera limodzi kuchokera ku Ntcheu, tinkadyera mbale imodzi. Musatembenuke, lero sanabwere. Anandiyang'ana miyendo nati, "Achimwene, ili ndi tsempho. Mlamu akuyenda njira, kenako akuthira mchere m'ndiwo zanu." Kwathu timadziwa kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere, mwini nyumba amatupa. Ine ndinakhulupirira. Nangozo, mkazi amene ndakalamba naye, ndinamuthamangitsa. Anagwada, analira, ine mtima gwa! Anapita kwa mng'ono wake ku Katoto.

Mnzanga uja nkumandibweretsera usipa wamchere, ati ndipeze mphamvu. Kutupa kunafika m'mimba.

Kuchipatala adokotala anandifunsa ntchito yanga. Ndinati ndinali mesenjala wa muofesi. Anati, "Ndiye mumva msanga. Mtima si pampu chabe, umalembanso makalata. Ukadzadza madzi, mnofu wake umatulutsa timadzi tina m'magazi, uthenga wopita ku impso: tayani mchere, tayani madzi. Ndipo mtimawo uli ndi mabwana ake, otchedwa mahomoni, ochokera ku ziwalo zina. Amagogoda pakhomo pa mtima, wam'kati nkupatsira mnzake uthenga, mnzake kwa mnzake, mpaka kalata ituluke."

Ndinati, "Ngati fayilo, tebulo ndi tebulo?"

"Eya. Mtima wanu watopa. Ukulemba makalata, koma mcherewo wachuluka, impso sizikuyankhanso."

"Nanga dzanja lothira mcherelo?"

Anaseka. "Madala, impso sizidziwa dzanja. Zimadziwa supuni."

Abale, ndinachita manyazi. Ine wa Sitandade 4, mesenjala wonyamula uthenga wa boma osataya ngakhale umodzi, ndinanyamula bodza mpaka kuchipinda kwanga.

Atandipatsa mapiritsi ndinakodza, pepani abusa, ndinakodza ngati mvula ya Mzuzu. Nsapato zitalowa, ulendo ku Katoto. Pakhomo ndinapeza njinga. Njinga ndikuidziwa, belu lake ndinamanga ndine! Mwini wake, mnzanga uja, ali pampando, wanyamula sopo ndi chitenje, akuuza Nangozo kuti, "Amuna anu aja ndi maliro kale, ganizani za mawa."

Atandiona anasiya chitenje, anasiya chipewa. Chipewacho ndikusungabe, akachifuna abwere.

Zimandiwawa mpaka lero, sindinama. Ndamukhululukira, abusa, koma pang'onopang'ono, ngati mapiritsi.

Ndinagwada pafumbi. Nangozo anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Munamvera mnzanu, munamvera dokotala. Ine mudzandimvera liti?"  Anabwerera kunyumba patatha milungu itatu, mwa kufuna kwake.

Ndi uyo wakhala kumbuyoko, akubisa nkhope. Ndiwo zake masiku ano zilibe mchere ngakhale kambewu, ndipo ndikadandaula amati, "Dzanja langa lija mumaliopa."

Ndikuthokoza Mulungu amene anaphwetsa miyendo yanga ndi kundibwezera mkazi amene sindinamuyenere. Yewo chomene. Imirirani mukondwere nane, amayi lululuzani, mwina angandiponyereko kambewu kamodzi lero.