Kotapela wa m'Thumba la Unga

Ufulu utangobwera kumene, Cairo Road isanakhale msewu woti munthu aziwoloka akupemphera, ine agogo anu ndinatsika basi muno mu Lusaka kuchokera ku Katete ndili ndi buluku limodzi, malaya awiri, ndi thupi loti ukandiyang'ana cham'mbali unkayamba wafunsa ngati pali munthu. Mukuseka chiyani? Khalani pansi pamthunzi pano, malaiti apita ndipo sabwera manje manje, mafoni anuwo nawonso apumeko. Iwe Chikondi, chotsa phazi, waponda kotapela. Inu mumaponda chinthu chimene chinandipatsa ambuya anu ali m'nyumbamo, ndipo pakanapanda chipatso chimenechi bwenzi pano pa Chelstone pali mabanja ena, osati inu.

Ntchito ndinaipeza ku Kabulonga, yosesa ndi kuthirira maluwa osadyedwa pa nyumba ya mzungu wina. Kabulonga wa nthawi imeneyo anali mitengo ndi mipanda basi, osati masitolo a magalasi mumapitako lero kukagula madzi a m'botolo. Pa nyumbapo panali kuki, Ba Mwansa, Mbemba wa ku Kasama, ndipo poti Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya, chonyozana popanda mlandu, m'mawa uliwonse moni wake unali wakuti, "Shani, wakudya mbeba?" Ine ndinkayankha kuti, "Bwino, wakudya anyani," tsiku n'kuyamba. Panalinso galu wamkulu dzina lake Sajeni, ameneyu musamuiwale.

Lamulungu ndinkapuma, ndiye ndinkapita ku msika wa ku Kabwata, ndipo kumeneko ndinaona mtsikana akuthandiza amayi ake kugulitsa kapenta ndi nyemba. Ndinagula nyemba milungu isanu yotsatizana ndilibe ndi mphika womwe. Ameneyo ndiye Esinati, ambuya anu. Iye anandilola, koma amayi ake, mayi wa mpingo wa Sabata wosadziwa kuzungulira mawu, tsiku limene anandiona anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu, ndipo maso awo anakaima pa chingwe cha khonje chimene ndinkamangira buluku.

"Esinati, uyu ndiye wamene unikambila? Ni muntu olo ni ndodo yavala buluku?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mvela iwe. Mwamuna wamene akangiwa kuzidyesa eka azadyesa bwanji mwana wanga? Ubwele na nkhoswe wako mphepo ikayamba, buluku ili yeka pachiuno, kulibe nthambo. Ngati iyayi, kuli ba kalaliki ba ku njanji, balindila chabe."

Kalaliki ameneyo ndinkamudziwa. Mimba yake inkafika pakhomo mwini wake akadali ku mseu. Masiku amenewo mimba inali chikalata cha banki, mtsikana akaona yotero makolo ake ankagona tulo, koma lero ndimaona atate anu akudzuka mbandakucha kukathamanga ku Woodlands, ndipo amalipira ndalama kuti atuluke thukuta, chinthu chimene ife tinkachita ulere. Dziko latembenuka ine ndisanatembenuke.

Ndinachita mantha, adzukulu, chifukwa mtsikana uja ndinkamukonda mosati n'kuseka. Mvula inali itangoyamba, miyezi yoti ndinenepe inali isanu ndi umodzi. Ndinadya vitumbuwa, ndinadya mabanzi omwera madzi a shuga mpaka mano kuyamba kulira, koma chingwe chili pomwepo, mfundo yake osasuntha.

Mvula ili pafupi kutha ndinayamba kuona zachilendo pa Sajeni. Galu amene ndinamupeza nthiti zikuwerengeka anali atasalala, ubweya ukunyezimira, akuyenda mogwedeza matako ngati mwini nyumba, pamene chakudya chimene ndinkamupatsa chinali chomwechija. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndiye ndinamutsatira, n'kumupeza kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo waukulu akunyambita chipatso chakugwa, chachikasu m'kati. Kumudzi kwathu mtengo umenewo kunalibe, ndipo zipatsozo ine ndinkangozisesa n'kukataya ku dzala, poganiza kuti ndi za agalu a azungu.

Ndinakwera mu mtengo n'kuthyola zinayi zazikulu. Kuluma, dzino linabwerera. Ndinati palibe vuto, dzungu nalonso silidyedwa laliwisi, ndiye ndinazidula n'kuziphika m'chitini, mchere pang'ono, moto wambiri. Adzukulu, ndamwapo mankhwala a malungo a kale aja, koma kuwawa kwa kotapela wosapsa wophika sikunapezebe mnzake. Safunsa anadya phula, ine ndinadya phula ndi msuzi wake.

Nditalephera apo ndinati ndizidya zakugwa zokha monga amachitira mwini nzeruyo, ndipo apa ndiye panayamba mpikisano, chifukwa chikangoti phu pansi, ine ndinkataya tsache, Sajeni n'kudzambatuka, tonse liwiro. Iye miyendo inayi, ine iwiri ndi dzanja limodzi lili pa buluku. Tsiku limene ndinapambana anandigwira kumbuyo, ndipo Ba Mwansa anatuluka m'khitchini atagwira nthiti ndi kuseka.

"Iwe wakudya mbeba, manje wayamba kulimbana na imbwa? Kotapela sipsa ku mutengo. Utyole yokhwima, uishilike mu saka ya unga masiku yatatu olo yanai. Ukaigwila yafewa, ndiye udye, osapika."

Ife antchito tinkalandira phoso, thumba la unga pamwezi, ndiye thumba langa linasanduka nkhokwe. Ndikakwirira zisanu Lachinayi, pofika Lamulungu zafewa, ndimadula pakati, kuchotsa njere, kuwaza mchere, kupala ndi supuni kapena kupaka pa buledi. Ndinadya chipatso chimenechi miyezi itatu, ndipo ndikuuzeni zoona zimene chinandichita. Ndikadya m'mawa njala inkandiiwala mpaka masana. Khungu langa lotuwa ngati la buluzi linayamba kuwala popanda mafuta odzola. Ku chimbudzi, pepani, ndinasiya kukhalako ngati ndikudikira basi. Mkulu wanu Tamara, poti ndi nesi, amandiuza kuti mafuta a kotapela ndi abwino ku mtima, satseka njira za magazi monga a vitumbuwa aja, ndiponso kuti muli mavitamini ndi zina zothandiza m'mimba. Ine mayina amenewo sindinkawadziwa, mphunzitsi wanga anali ndi mchira.

Koma kunenepa ayi. Masaya anadzadza pang'ono, mikono inalimba, koma chiuno chinakana. Chimene sindinachiwerengere n'chakuti Sajeni akadya ankagona tsiku lonse, pamene ine ndikadya ndinkapita kukalima udzu wa mzungu.

Mphepo inayamba, tsiku linafika. Ba Mwansa ndiwo anavomera kukhala nkhoswe wanga, ndipo anandilangiza zinthu zitatu: kwa apongozi sapita chimanjamanja, chingwe chitsale kunyumba, ndipo ndikagwada n'kuyamba kuwomba m'manja ndisaleke mpaka nditakhala pa mpando. Mphatso ndinalibe ina koma thumba langa la unga, limene linali pafupifupi lodzadza. Ndinalimanga kukamwa n'kuliika paphewa, mutu wonse uli pa buluku, osakumbuka kuti Lachinayi ndinali nditakwirira zisanu ndi chimodzi m'menemo.

Kabwata wa kale anali wa tinyumba tozungulira tofolera udzu, toyandikana moti ukayetsemula mnzako wa nyumba yachitatu ndiye ankapukuta mphuno. Pofika ife, azimayi a nyumba zonse anali atapeza chochita panja. Ndinatula thumba, ndinagwada, ndinayamba kuwomba m'manja mwaulemu wake, ndipo zonse zinali bwino chifukwa munthu wogwada buluku silimuthawa. Kenaka amayi aja anati, "Nyamuka, nkala apo pa stulu." Ndinayang'ana Ba Mwansa, iwo anandigwedezera mutu kuti usaleke. Manja ndi awiri okha, adzukulu, ndipo onse anali pa ntchito ya ulemu. Ndinaimirira ndikuwomba, buluku linatsala pansi.

Mulungu anandichitira chifundo chimodzi, kuti malaya anali akale a mzungu uja, ofika m'mawondo. Koma kuseka kumene kunabuka pamenepo ndikuganiza kuti ku njanji anakumva. Esinati anathawira kuseri kwa nyumba. Amayi ake okha sanaseke, anangoti, "Taona. Muyende bwino." Ndinakweza buluku, tinauyamba wopita kokwerera basi, Ba Mwansa kwa nthawi yoyamba osandinyoza, ndipo kusanyoza kwawoko ndi kumene kunandiuza kuti ukwati watha. Ndinalira, sindibisa, misozi yeniyeni, pamseu masana dzuwa likuswa mtengo.

Tisanafike patali tinamva mapazi, Esinati akuthamanga. "Bwelani, amai bakuitanani. Bakalipa maningi, bati mwaika mankwala mu unga."

Tinapeza anthu achuluka kuposa poyamba. Amayi aja anali atamasula thumba kuti atunge unga wa phala la amuna awo, mbale n'kugunda chinthu chofewa, ndipo tsopano akotapela anga asanu ndi mmodzi anali atandandalikidwa pa lichero, oyera ndi unga ngati anamwali otuluka m'tsimba, aliyense ataima patali.

"Kotapela niiziba, ni ya bazungu na imbwa zao," anatero. "Manje ifuna chani mu unga ya bapongozi? Chintu chabwino sibabisa. Unafuna tidye tonse tikukonde?"

Ndinafotokoza za kupsetsa, Ba Mwansa anafotokoza m'Chinyanja ndi m'Chibemba chomwe, koma amayi anati munthu wa mankhwala sasowa mawu, ngati mulibe kanthu ndidye ndekha anthu akuona, ndipo chodyacho asankha ndi iwo. Analoza ndi mthiko. Ndinapempha mpeni, supuni ndi mchere, ndinakhala pa mpando uja, buluku ndalipana ndi mawondo, n'kudula. Adzukulu, kotapela ngati ameneyo sindinamuonenso, wopsa bwino, wopanda ulusi, wachikasu ngati dzira. Ndinadya pang'onopang'ono, Kabwata yense akudikira kuti ndigwe kapena ndiyambe kudzikonda ndekha.

Pamenepo m'nyumba munamveka mawu otsika. Anali atate ake a Esinati, mudala amene anali mmisiri wa matabwa. Mano anali atawathera, m'kamwa muli zilonda, ndipo kwa milungu itatu ankangolawa phala n'kukankha mbale, mpaka mankhwala a kuchipatala ankawamwera m'mimba mopanda kanthu. Anali atakwawira pakhomo kudzaona phokoso.

"Ako kamene adya uyo mwaiche, nipaseniko."

Amayi anafuna kuletsa, koma mudala anali atatambasula kale dzanja. Ndinagwada pafupi nawo, ndinapala pang'ono osathira mchere chifukwa cha zilonda zija, n'kuwapatsa. Anayendetsa m'kamwa, anameza, anatsegulanso pakamwa ngati mwana wa mbalame. Theka lija linatha. Ndinadula wina, nayenso theka linatha. Nditakweza maso ndinaona amayi aja, mayi woopsa uja, akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

Atatha kupukuta anabwerera mwakale. "Yasala ingati pa mutengo wa muzungu wanu?" Ndinati yambiri, tikungolimbirana ndi galu. Anati, "Imwe apongozi, imbwa yadya pakwana. Muzibwelesa kuno." Mwamva? Iwe uja anali atasanduka imwe. Lamulungu lotsatira nditabwera ndi ena, ndinapeza lamba wachikopa ali pa mpando, atamuboola mabowo atatu owonjezera ndi msomali. Za kalaliki sizinamvekenso.

Mudala anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu. Sindikuti kotapela ndi mankhwala, anawachiza ndi a chipatala, koma munthu sachira asanadye, ndipo chakudya chimene chinalowa poyamba ndi chimenechi. Njere ya tsiku limenelo amayi anaibzala okha kuseri kwa nyumba, ndipo mtengo mwakhala pansi pakewu ndi mwana wa umene unamera kumeneko. Lero zikugwa, inu mukuziponda, kenaka amayi anu akukwera minibasi mpaka ku msika wa Soweto kukagula zomwezi, kapena mukupita ku Kabulonga kukazidya zopaka pa kabuledi kamodzi pa mtengo wa nkhuku.

Choncho, adzukulu anga, chinthu musamachinyoze chifukwa chamera pakhomo, ndipo munthu musamamuyeze ndi m'chiuno. Muzitola, muzikwirira mu unga, muzidikira masiku ake, ndipo chikapsa muziyamba mwayang'ana ngati pali wina m'nyumba amene chakudya chikumukana.

Ambuya anu kuyambira dzulo angomwa tiyi yekha. Phala la m'mawa lija labwerera monga linapitira, inu simunaone chifukwa maso anali pa mafoni. M'thumba la unga m'khitchinimo ndakwiriramo awiri Lachinayi, lero ayenera kuti afewa. Iwe Chikondi, ndipatse dzanja ndinyamuke, ndikawapalire ndekha, kwa ine sakana. Gwira dzanja lokhalo, buluku ndigwira mwini.