Njinga Ikulira Mimba ya Amuna Anga

Pamzere wa m'shopu ya zipangizo za njinga zamoto, mayi wina anatembenukira bambo amene anali kumbuyo kwake atanyamula helemeti.

"Achimwene, inu mumakwera njinga zothamangira m'matopezi? Tandiuzani, njinga imadana ndi munthu wochepa thupi?"

"Ayi mayi, imakondwa. Imanyamuka msanga, pachitunda siilira. Kwagwanji?"

"Amuna anga! Adokotala anati achepetse thupi, apo ayi mtima uwatenga. Mimba yaphwa bwinobwino, koma akuti njinga yayamba mwano. Ikagunda bampu ikuwaponya m'mwamba, tayala lakumbuyo silikugwira pansi. Dzana inawagwetsa pakona."

"Aa, imeneyo ndi sipuling'i yakumbuyo. Anailimbitsa kuti izinyamula thupi lakale lija, pano ikusowa woipondereza. Angoifewetsa, kapena agule yofewa."

"Ndi imene ndadzera ine! Iwowo akukana. Akuti njinga yawo siikhudzidwa, inachunidwa kale bwino. Akuti kuli bwino anenepenso."

"Anenepenso? Kukonza munthu kuti akwanire njinga?"

"Ndawasiya akudya mbale yachiwiri, mafuta ali chuchuchu m'zala. Akuti akukonzekera mpikisano."

"Zamanyazi! Sipuling'i ili m'shopu muno, koma mtima sagulitsa. Mwayesa kulankhula nawo?"

"Kulankhula? Pa zochepetsa thupi zija ine ndinachonderera mpaka mawu kusasa, ana analira, adokotala anachita kumenya tebulo, ndiye anamva mokakamizika. Koma chitsulo chopanda pakamwa changowagwetsa kamodzi, achimvera tsiku lomwelo!"