Bokosi Loyera Libwerere Komwe Lachokera

Akuluakulu a bodi, bwana wamkulu wa myuziyamu ino, aphunzitsi amene mwachokera kutali, abambo akunyumba kwa mayi amene tikutsanzikana nawo lero pamodzi ndi ana ndi adzukulu, anzanga nonse apantchito, takulandirani ndi manja awiri.

Amene simundidziwa, ine ndi uja ndimasamala zinthu za m'magalasi. Zikwangwani zonse za "Osagwira" mwaziona m'makhondemu ndinakhoma ndine. Ndiye tangoganizani, munthu wotere n'kumupatsa ofesi yoyandikana ndi mayi awa amene akupuma pantchito lero. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Tonse timangoti Amayi Gwirani. Ana asukulu akangolowa pakhomo, iwo ali, "Gwirani, ana anga, gwirani." Ine kuseri kwa chitseko mtima uli m'mwamba.

Mayi, mwezi uno nkhope yanu sinali bwino. Tiyi mumangomusiya n'kuzizira. Mwandifunsa mobwerezabwereza kuti, "Achimwene, ndikachoka ine, mabokosi a sayansi timabwereketsa kumasukulu aja simuwatsekera m'sitolo?" Ndikuyankhani lero pamaso pa anthu, koma mundilole ndiyambe ndakuululani pang'ono.

Mayiwa atangoyamba kumene ntchito, sukulu ina inapempha chigoba cha mafupa a munthu, chapulasitiki chija. Galimoto ya ofesi inali itafa. Wina akanadikira, koma iwo ayi. Anachikulunga m'nsalu ya patebulo, n'kukwera nacho basi, n'kuchikhazika pampando ngati mlamu wawo. Basi itagunda bampu, nsalu ija inatsetsereka. Anthu onse m'basimo anatembenuka. Kondakitala anayang'ana chigoba, anayang'ana mayiwa, n'kuti, "Mayi, odwalawa mwachedwa nawo." Anakafika kusukuluko mpando wonse wakumbuyo uli wa awiriwo. Chigobacho chinabwerako chala chimodzi palibe, ndipo mpaka lero ndikuchifunabe.

Ulendo umenewo ndi umene unabala mabokosi. Anaona sukulu yopanda labotale, ana akuloweza za maginito koma maginito sanawaonepo. Anabwerako n'kuyamba kulongedza: malenzi okuzira zinthu, miyala, mawaya, mabatire, timababu. Abambo, wailesi yanu ija munkati anakuberani, maginito ake ali m'bokosi la zamagetsi. Pepani kwambiri. Ndaona kuti mudziwe musanayambe kukhala nawo pakhomo tsiku lonse.

Mabokosi oyamba anabwerako oyera mbee, kalikonse kali pamalo pake. Ine ndinasangalala. Iwo anatsegula, ananunkhiza, anayang'ana lenzi padzuwa, n'kuti, "Ili silinagwidwe." Atapita kukafufuza anapeza kuti aphunzitsi ankaopa kuswa katundu wa eni. Ahedi ena analiika bokosi mu ofesi mwawo, analiyala kansalu, pamwamba n'kuikapo maluwa. Linakhala choncho teremu yonse.

Lamulo lawo linayambira pamenepo: bokosi likabwera loyera, libwerere komwe lachokera. Ankafuna kuona zidindo za zala palenzi, batire litatha, choko m'makona. Ndiye anayamba kuitana aphunzitsi Loweruka kuti adzaphunzire kaye okha. Aphunzitsi muli muno, ndikunama? Phunziro lisanayambe mayiwa ankatenga kabotolo kagalasi koyesera mankhwala, n'kukakweza m'mwamba, n'kukasiya. Phwaa pansi. Kenako ankayang'ana uku ndi uku n'kufunsa, "Wafa ndani?" Achimwene athu osesa anafika pozolowera, Loweruka ankangodikira pakhomo tsache lili m'manja.

Tinakangana, mayi, sindikana. Ine ndinkati chinthu chikasweka chapita. Inu munkati chinthu chimene mwana sanachigwire n'chimodzimodzi kulibe. Koma ndinakuonani mukugwada pansi kuti diso lanu lifanane ndi la mwana amene akuopa maikolosikopu. Ndinakuonani mukuyenda ndi mphunzitsi watsopano mpaka pageti, mukumulimbitsa mtima ngati mwana wanu wobala. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo inu zaka zonsezi munakhala poyambira pomwepo, osatopa. Ndimakusilirani, ndipo ndikusowani. Tikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Nanunso abambo ndi ana, zikomo potibwereka mayi anu Loweruka lililonse.

Tsopano yankho lanu lija.

Sabata yatha, inu muli kalikiliki kulongedza za mu ofesi, bokosi la zamagetsi linabwera kuchokera kusukulu ya kumapeto kwa msewu wafumbi ija. Linali lakuda bii, chogwirira chitathyoka. Nditatsegula ndinapezamo kanthu kamene sitinaikemo ife. Kamota kakang'ono kozungulira ndi magetsi. Ana anakapanga okha ndi waya, msomali ndi chitsekerero cha botolo. Ndinaimbira foni aphunzitsi awo kuti mwaiwala katundu wanu. Iwo anati, "Ayi bambo, sitinaiwale. Ana akuti kapite kwa anzawo a sukulu yotsatira, akaone kuti n'zotheka."

Ntchito yanga imati chimene si cha myuziyamu ndichichotse. Ndinakatenga. Ndinakagunditsa kubatire. Kanazungulira, anthuni. Kamota kopindikapindika, koma kanazungulira. Munthu wamkulu ngati ine ndinakhala nako pansi mpaka nthawi yoweruka.

Aphunzitsi amenewo ali muno, akhala kumbuyoko. Taimirirani, mphunzitsi, mayi akuoneni. Ndi mmodzi wa aja munawaswera kabotolo.

Bokosilo simulipeza m'sitolo, mayi. Lanyamuka lero m'mawa, kamota kali momwemo. Chogwirira ndinakonza ndine, ndipo m'galimoto ndakweza ndi manja angawa. Ena onse anyamuka Lolemba. Ngakhale nditafuna kuwatsekera, ndi mochedwa, ana ayamba kale kulongedza okha.

Ndiye pitani mukapume ndi mtima umodzi. Mukadzuke dzuwa litakwera. Mukamwe tiyi akadali wotentha. Mukasewere ndi adzukulu, ndipo Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi thanzi labwino.

Anzanga, tiimirire tonse. Manja amenewa anatiphunzitsa ndi iwowa kuti si oika m'thumba. Tiwaombere, mpaka amve a mumsewu!