Madzi m'Kabotolo ka Mankhwala a Maso

Amayi anzanga mwa Ambuye, a kuno ku Bundabunda ndi a midzi ina kumene mawu awa adzawerengedwe pa msonkhano wa Lachinayi, moni nonse. Ine ndine amake Miriyamu, mkazi wa a Tembo, aja tinachokera ku Katete kudzapempha munda kuno. Ndifuna ndikuuzeni za maso a amuna anga. Diso limodzi linafa ine ndikuyang'ana, linalo Mulungu anatilanditsira litatsala pang'ono, ndipo mpaka lero ndikakumbuka zimakhala ngati zachitika m'mawa uno.

Zinayamba ndili ndi pakati pa Miriyamu. A Tembo ankagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa, ankapunthwa pa mtondo uli pambali pawo, tsiku lina anawombana ndi ng'ombe ali pa njinga dzuwa lili pamutu. Anthu ankaseka kuti kapena ayamba kumwa mobisa. Ine sindinaseke, chifukwa apongozi anga aamuna kwathu anachita khungu chimodzimodzi, maso ali oyera, opanda ng'ala, opanda manthongo, mpaka ankawatsogolera ndi ndodo popita kuseri. Titakolola ndinawaumiriza a Tembo, tinakwera lole ya chimanga kupita ku chipatala chachikulu ku Lusaka.

Kumeneko dokotala anawagoneka chagada, nawaika kachitsulo konga kasikelo pa diso lenilenilo, ine ndinatsinzina. Kudzera mwa womasulira anatiuza kuti nthendayo dzina lake ndi glokoma. Akuti m'diso muli madzi amene ayenera kumatuluka pang'onopang'ono, koma mwa a Tembo njira yake yatsekeka, ndiye madziwo akupanikiza mtsempha woonera ndi kuupha kuyambira m'mbali. Sipamveka kuwawa, ndipo chimene chafa sichibwerera. Anatipatsa kabotolo kofiirira kokhala ndi kagalasi kodonthezera ka mphira kumutu, nati m'mawa, masana ndi madzulo, masiku onse a moyo wawo, kakatsala pang'ono mubwere mudzatenge kena. Womasulira uja anandiyang'ana ine nati, "Amai, mankhwala aya ni ya amuna anu chabe. Si ya maso alionse."

Ndine ndinkawadontheza, atatsamira pa ntchafu panga pakhonde. Mankhwalawo anali aukali. Ankaluma polowa, kenako mphumi inkawawa pamwamba pa nsidze, ndipo m'nyumba munkawadera ngati dzuwa lalowa. Ine poti ndinkayang'anitsitsa, ndinaona kuti kamwana ka diso, kakuda ka pakati kaja, kankachepa mpaka kukhala ngati kanjere ka mawere. Ndinachita mantha, koma titabwerera kukatenga kabotolo kachiwiri dokotala anati ndi momwemo, ndiko kugwira ntchito kwake. A Tembo ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti mankhwala anji odwalitsa munthu wosadwala, koma ankalola.

Miriyamu atayamba kukhala pansi, nthawi yotentha ntchentche zitachuluka, nthenda ya maso inagwa pa ana a m'mudzi. Ana ankadzuka zikope zitamatirirana ndi manthongo. Amayi awo ankawafinyira mkaka wa m'mawere, ena madzi a masamba, osathandiza. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti kwa a Tembo kuli kabotolo ka ku chipatala.

Mukudziwa inu nomwe mmene timakhalira. Mchere timapemphana, moto timapalana, khasu timabwerekana. Ungamane bwanji mankhwala mwana wa mnzako akulira pakhomo pako? Woyamba kubwera anali ba Eliza, mayi wa mtundu wa eni dziko lino, wa Chisoli, wa nyumba yoyandikana ndi yathu, yemwe anatilandira ndi dengu la mapira tili alendo, yemwenso anandigwira msana pobereka Miriyamu. Anabwera ndi kamwana kawo kumbuyo maso atatupa. Ndinawakaniza, ndinanena zimene anatiuza ku chipatala. Anayang'ana a Tembo atakhala pa mpando akusema mpini, maso ali mbee, nati, "Ba Tembo maso yao yali chabe bwino. Onani ya mwana wanga." Anapita osatsazika.

Ku chitsime akazi anasiya kundiyankha moni. Ena ankalankhula mokweza kuti ndimve, akuti a kum'mawa ndi otero, munda amapempha koma chawo sachigawa. Lachinayi ndinakhala ndekha pa mphasa, anzanga onse atathinana pa ina.

A Tembo sanathe kupirira. Tsiku lina ndili ku mtsinje kukachapa, anasolola kabotolo pa denga pamene ndinkakasomeka, nakapereka kwa ba Eliza. Nditalira anati, "Amake Miriyamu, ine maso saniwawa, ana ndiwo alira. Tikhala pa dziko la eni ake. Nizakamba chani kwa Mulungu?"

Kabotolo kanayenda nyumba ndi nyumba. Ana sanachire, akawathira ankangowonjeza kulira. Ine ndinkadziwa kuti kabwera kopanda kanthu, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza za ulendo wa ku Lusaka mvula isanagwe. Koma ba Eliza anakabweza kali kodzaza pafupifupi mmene kanapitira, atakakulunga m'kansalu, pamodzi ndi mazira m'mbale. Ndinagwada kuthokoza. Ndinati Mulungu waona mtima wa amuna anga. Za ulendo ndinasiya.

Mvula inagwa, tinadzala, ine ndikudonthezabe m'mawa, masana ndi madzulo. Apa ndiye panayambira mdima wanga. A Tembo anati mankhwala asiya kuluma. Mphumi inasiya kuwawa, m'nyumba munawala, munthu anayamba kuimba akusenza khasu. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi nauza mpingo kuti kuyambira tsiku limene anagawira ana mankhwala, Ambuye anawachotsera ululu wonse. Anthu anaimba, akazi aja anatembenuka kundiyang'ana ine. Koma ine ndikawatsamiritsa pa ntchafu ndinkaona kamwana ka diso kali kakakulu, sikakuchepanso ngati kale. Ndinawauza, anati thupi lazolowera. Ndinauza mkulu wa mpingo, anandifunsa ngati ndikukayika pemphero loyankhidwa. Ndinatseka pakamwa.

Amayi, masiku amenewo sindifuna ngakhale mdani wanga awaone. Ndinkadontheza, ndinkayang'ana, ndinkadikira kuti kachepe, osachepa. Ndinkaika dala mtondo kumanzere kwa njira yawo kuti ndione, ankaugunda, nkuseka kuti ndikuika zinthu paliponse. Poyamba ankagunda chokhala patali ndi mwendo, kenako chokhala pafupi, ine ndikuona mdimawo ukusendera pakati. Ndinayamba kubereka Miriyamu tsiku lonse poopa kuti akakwawa pansi amuponda. Chakudya sichinkatsika, mkaka unachepa. Ndikatseka maso ndinkaona a Tembo atagwira ndodo ngati atate awo, ine ndili ndekha ndi khasu pa munda wa eni, kwathu kuli kutali, mwana wosayenda kumbuyo. Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu ankathera pakhosi. Ndinafunsa Mulungu kuti mwandionetseranji zimenezi ngati palibe wondimvera? Kuchoka sitikanatha, udzu unali utakwera m'chimanga, mtsinje wa pakati pa ife ndi msewu waukulu unali utadzaza, ndipo a Tembo ankati munthu wochira apita ku chipatala kukatani.

Tsiku lina m'mawa tikupalira, msana unandipweteka kwambiri. Ndinatsitsa Miriyamu, ndinamukhazika pa nsalu pansi pa msuku, ndinapita kukamwa madzi m'chipanda. Potembenuka ndinaona mwana wakwawa mpaka pa mzere wa atate ake. Anali kumanzere kwawo, pafupi moti kadzanja kake kanali kufikira mwendo wawo, iwo khasu lili m'mwamba. Ndinakuwa. Khasu linatsika, dothi linamuwazikira kumaso, nsonga yake inamukanda pa phazi magazi nkutuluka. A Tembo anaponya khasu, akuyendetsa mutu uku ndi uku, akufunsa, "Ali kuti? Ali kuti mwana?" Mwana ali pa mapazi awo penipeni akulira. Kenako anaphimba diso lamanja ndi chikhato, anaima chiimire, nati, "Amake Miriyamu, kwada." Anakhala pansi m'matope, mwamuna wamkulu, nalira. Ine pemphero linandithera, ndinangoti Ambuye, Ambuye, mwana ndili chigwirire.

Munda wa ba Eliza unachita malire ndi wathu, ndipo anaona zonse. Anathamanga, anayang'ana phazi la mwana, anaona kuti bala ndi laling'ono, kenako anagwada m'matope momwemo pamaso pa a Tembo. Anati, "Ba Tembo, nikhululukireni. Muja mu botolo ni madzi chabe." Anafotokoza akulira kuti mankhwala anatha asanazungulire n'komwe mudzi. Iwo anagwidwa ndi manyazi, pakuti chiwiya cha mnzako suchibweza chopanda kanthu, makamaka cha munthu amene wadzimana chifukwa cha mwana wako. Ndiye anaphitsa madzi, anawasefa pa nsalu yoyera, nadzaza kabotolo. Ankati poti maso a ba Tembo ndi oyera, madzi oyera sangawalakwire. Atamva umboni uja m'tchalitchi anaganiza kuti Mulungu wadalitsa madziwo, anangokhala chete.

Mtima wanga unawira, sindinathe ngakhale kuwayang'ana. Koma taonani mmene Mulungu amagwirira ntchito, thandizo analitumiza kudzera mwa munthu yemweyo. Chimene ine ndinalephera kuwamvetsa a Tembo nthawi yonseyo, anachimva pa mawu amodzi a ba Eliza. A Tembo anadzuka m'matope nati tipite. Tsiku lomwelo ba Eliza anathamangira kwa mlongo wawo wa ngolo, ng'ombe zinatiwolotsa mtsinje madzi akulowa m'ngolomo, ine mwana nditamukweza paphewa. Pa msewu waukulu malole ankangotipitirira, mpaka ba Eliza anakaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, lole ina inaima dalaivala akutukwana. Tikukwera ba Eliza anatiuza kuti za munda tisaganize.

Ku chipatala dokotala anaikanso kachitsulo kake pa maso onse awiri. Lamanzere lapita, anatero. Lamanja kwatsala kampata kakang'ono pakati, ngati munthu wosuzumira m'bango, ndipo mukanadikira kukolola nalonso likanatsekeka. Sanatikalipire. Ndinamufotokozera za ana a kumudzi, anatipatsa mankhwala ena a mafuta a m'timachubu, akuti amenewo ndiwo a manthongo. Atawathira a Tembo mankhwala enieni, tinakhala pa benchi kudikira. Patapita kanthawi anagwira pamphumi nati, "Yayamba kuwawa." Ndinawatsegula chikope ndi chala, ndinaona kamwana ka diso kachepa, kanjere ka mawere kaja kabwerera. Ndinalira mokweza m'chipatalamo anthu akundiyang'ana.

Pobwerera tinapeza munda wathu wonse wopalira. Ba Eliza anali atasonkhanitsa akazi omwe aja a ku chitsime. Lachinayi lotsatira ba Eliza anaimirira okha pa msonkhano nanena zonse, osabisa kalikonse, kenako anatenga timachubu tija nayenda nato m'nyumba mmene munali ana odwalabe. Masiku ano mlendo akamva za kabotolo nabwera kudzapempha, ndi iwo amamubweza asanafike pakhomo pathu.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Diso lija silinabwerere ndipo silidzabwerera. Njinga a Tembo anaisiya, dzuwa likapendeka amakhala pansi, kumunda amalima mzere wawo wokha patali ndi anthu, ndipo mwana sindimutsitsanso. Nthawi zina ndimawapeza ataphimba diso lamanja, akuyesa ngati linalo lingaoneko pang'ono, akandimva amachotsa dzanja msanga. Kabotolo kakafika pakati tulo timandithawa, ndimayamba kuganiza za mtsinje ndi malole. Ngakhale Miriyamu ndimamuyang'ana m'maso akamayamwa, ndikukumbukira agogo ake ndi atate ake, mtima nkuti phaa.

Koma tsiku limene Miriyamu anayamba kuyenda, a Tembo anali pakhonde. Ndinamuimika mwana patsogolo pawo penipeni, ndinawagwira mutu ndi manja awiri kuwalozetsa, ndinati yang'anani apa, musasunthe. Anamuona akubwera dzandidzandi, mapazi onse awiri ali bwino, mpaka anagwera m'manja mwawo. Anati, "Namuona. Ayenda monga amai anga." Kampata kameneko ndiko Mulungu anatisungira, ndipo ndi kokwanira kuti tate aone mwana wake.

Ndiye amayi anzanga, wina wa kwanu akapatsidwa mankhwala otere musawagawe ngakhale akusaleni ku chitsime, musawasiye poti diso likuoneka loyera, akatha nenani kuti atha. Ndipo mukaona chimene anzanu sakuchiona, musatope kunena, musatope kugogoda kwa Ambuye, ngakhale mawu azithera pakhosi ngati anga. Ine ndithokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa ba Eliza nthawi isanathe. Mutipempherere kuti kampata kaja kasatsekeke. M'mawa uliwonse a Tembo amatsamira pa ntchafu panga, ndimadontheza, ndimadikira, ndipo akayamba kudandaula kuti mphumi yawawa, ine ndimati zikomo Ambuye.