Siliki Wofiira wa a Chikhumbo Njobvu

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 ku Libala, mwana wachiwiri kwa ine mayi awo ndi a Abson Sakala, amene anatsogola kale. Sukulu analekeza giredi naini. Mutu unalipo, koma mtima unali pa singano.

Mu 1997 analowa ntchito kwa mayi wina wachimwenye ku Kamwala, wosoka zovala za siliki za kwawo. Kumeneko anaphunzira kufiiritsa siliki ndi tizilombo touma tochokera kunja: kutisinja, kutiwiritsa, nsalu n'kuviika mobwereza. Madzi a pampopi malemu ankawakana, chifukwa laimu wa m'madzi athu a Lusaka amadetsa chofiira. Ankafuna a mvula basi. Amene munapunthwapo pa madiramu pakhomo pawo, chifukwa chake n'chimenecho.

Mu 2003 anakwatiwa ndi a Gerald Njobvu, nakhazikika kuno ku Kabwata. Mu 2010 anatsegula shopu yawoyawo. Akwati a ku Woodlands ndi Kabulonga ankaima pamzere, ndipo zala za malemu sizinayerenso. Kutchalitchi analowa Chigwirizano cha amayi mu 2012, osajomba.

Impso zinayamba kuvuta mu 2023. Atadziwa kumene zikupita, anatulutsa siliki amene anasunga zaka khumi, nadikira mvula ya Disembala. Anaviika kasanu ndi kawiri ali chokhala, mwana wawo Abby akugwira poto. Zaka zonsezi anaveka ena; iyi inali diresi yoyamba ya siliki kudzisokera. Ananena pamaso panga ndi pa amuna awo kuti adzapite nayo kumanda. Anatisiya Lachinayi, pa 13 Malichi 2025.

Tsono mundimvetse, chifukwa ndatopa. Chiyambire Lachisanu takhala tikukangana: ena akuti chofiira si cha maliro, ena akuti wa Chigwirizano amagona ndi yunifolomu, wina mpaka anati siliki wotere n'kuwononga kumukwirira. Zonse tamva. Mukamadutsa kuona nkhope, mupeza avala diresi yawo. Yunifolomu taichapa, taisita, ili pamwamba pa bokosi, ndipo abusa avomera. Wofuna kunong'ona akanong'onere pa basi.

Asiya amuna awo, ana awiri Abby ndi Reuben, mlongo wawo a Bwezani, ndi ine, amene ndinayenera kutsogola.

Tikuthokoza madokotala, abusa, ndi ba Mwape oyandikana nawo, amene galimoto yawo sinapume. Koposa tikuthokoza amayi a Chigwirizano: anatsutsa kwambiri, koma m'mawa uno ndi iwo amene awaveka, mosamala, osakwinya ndi pang'ono pomwe.

A Chikhumbo, mwavala chanu. Pitani mukapume mu mtendere.